Tchuthi cha Mwana Wosapemphera

9 Novembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, achimwene, alamu ndi mwana wanga Timba. Ine ndili bwino, kungoti zala zikusupuka ndi sopo watsopano amene atigulira kuntchito. Nanga bondo lija likukulolani kukwera masitepe a kutchalitchi? Mundiuze zoona, osangoti "tikuthokoza" monga mumachitira.

Bambo, nkhani yabwino ndilibe. Pa Khirisimasi sindibwera.

Mukudziwa kuti kampani yathu imachapa ndi kusita nsalu za m'mahotela, ndiye masiku a tchuthi, anthu akamadya ndi kugona m'mahotelamo, ife ndi pamene ntchito imatikwirira. Kale tinkasinthana, chaka chino awa, chamawa awo. Chaka chatha ndinagwira ine, choncho chino chinali changa. Koma kwabwera kapitawo watsopano. Lolemba anatiimika tonse pakati pa makina, nthunzi ili tolo, n'kunena kuti, "Akhirisitu kwezani manja." Anakweza. "Asilamu." Anakweza. "Mipingo ina iliyonse." Anakweza. Anga anali m'thumba la epuloni.

Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga inu mayi a simbi yapakona?" Ndinati, "Ine sindipembedza, bwana." Anamwetulira ngati munthu amene watola chinthu panjira. Akuti kuyambira tsopano tchuthi cha chipembedzo azipatsa yekhayo wobweretsa kalata ya chidindo yochokera kumpingo kapena kumzikiti kwawo. Wopanda kalata azigwira masiku onsewo, Khirisimasi, Pasaka, Idi, chifukwa akuti alibe chimene akuphonya.

Chonde mumuuze Timba mofatsa. Ndinamulonjeza kuti ndidzamuluka tsitsi ndekha n'kumuperekeza mpaka pageti la tchalitchi pokaimba ndi kwaya ya ana. Mumupondetse papepala mumujambule phazi, munditumizire, kuti nsapato ndisamugulirenso zothina.

Ndine mwana wanu,
uja mumati Makani


20 Novembala

Mwana wanga wokondedwa,

Moni m'dzina la Ambuye. Tonse kuno tili bwino. Bondo likukwera masitepe, ndipo Lamlungu lapitali linakwera ngati la mnyamata, chifukwa cha kalata yako.

Ndaiwerenga mobwerezabwereza ndipo ndamva chimene sunathe kulemba. Ndimakudziwa iwe. Unatengera malemu mayi ako, amene akafuna nsalu yatsopano ankayamba ndi kuyamikira ya mnzawo. Ukudziwa kuti mlembi wa mpingo ndine, ukudziwa kuti chidindo chimagona m'kabati yanga, ndiye ukundiuza za kalata ya chidindo ngati ukusimba za nyengo. Usachite manyazi, mwana wanga. Munthu akasochera nthawi yaitali, pakhomo amafika chozemba.

Dzina lako silinafufutidwe m'buku la obatizidwa. Ena ankafuna kutero, ine ndinakana. Kalata ndalemba, abusa asayina, chidindo ndadinda ndekha mpaka inki yaonekera kuseri. Ili momwemu. Kaipereke kwa a Kapitawo ako. Munthu ameneyo usamude. Ine ndikuona kuti sanalakwitse kwenikweni, pakuti tsiku lobadwa la munthu amene iwe umati kulibe ungalipumire bwanji? Mwina Ambuye amugwiritsa ntchito iye osadziwa.

Timba sindinamuuze zoti subwera, ndamuuza kuti ukubwera. Akuyeserera nyimbo yake kuyambira m'bafa mpaka pogona, moti achimwene ako ayamba kuiimba kuntchito osafuna. Amayi a kumpingo nawo ndinawanong'oneza pang'ono, ndipo akuti akusungira malo pa benchi yachiwiri, pamene pankakhala mayi ako.

Phazi la Timba ndajambula. Chala chachikulucho sichotalika choncho, anagwedezeka.

Ndine bambo ako


2 Disembala

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Phazi ndalandira, nsapato zikubwera ndi basi ya Loweruka.

Kalata ya abusa ndaibweza, ili momwemu. Sindinaipinde, sindinaidetse. Bambo, sindinakupempheni kalata. Ndinakuuzani chimene chachitika, basi. Ndikanakhala kuti ndikufuna chinthu ndikananena, pakuti dzina loti Makani munandipatsa ndinu.

Kalatayo ikunena kuti ndine membala wokhulupirika amene amasonkhana ndi anzake mosadumphiza. Ndinaima nayo pakhomo pa ofesi ya a Kapitawo mpaka wina anandifunsa ngati ndadwala. Ndikanangogogoda, bwenzi pa Khirisimasi ndili nanu. Koma pambuyo pake ndikanadzakhala pa benchi ya amayi, amayi a kumpingo akundikumbatira, inu mukulira ndi chimwemwe, ine ndikudziwa kuti ndabwera ndi tikiti yabodza. Inu ndinu amene munandibweza kusitolo ndili mwana chifukwa wogulitsa anaika sopo muwiri m'malo mwa mmodzi. Ndikanayang'ana kuti?

Sindinakwiyire munthu, sindinakwiyire mpingo. Ndinangofufuza mumtima mwanga nthawi yaitali, n'kupeza kuti chimene inu muli nacho ine ndilibe. Ndimakulemekezani nacho. Koma sindingachibwereke tsiku limodzi ngati jekete.

Chimene chikundiwawa n'chakuti Timba mwamuuza kuti ndikubwera. Tsopano muyenera kumuuza kawiri. Ngati zikukuvutani, alamu amuuze.

Ndine mwana wanu


29 Disembala

Alamu anga,

Muli bwanji kumeneko, anthu ochapira olemera? Kuno tili bwino, koma m'nyumba muno mukuyenda ngati mwagona wodwala. Ndikulemba ine chifukwa apongozi anena kuti cholembera chawo chatha inki. Chatha inki chiyani, dzulo ndawaona akulemba nacho mayina a ana a ubatizo.

Kalata yanu itafika, anaiwerenga ataimirira, kenaka anakakhala kuseri kwa nyumba pafupi ndi thanki ya madzi mpaka dzuwa linawapeza pamenepo n'kuwasiya. Timba ndinamuuza ine. Sanalire pomwepo. Anangofunsa kuti, "Ndiye andiluka ndani?" Ndinamuluka ine, ndipo mukundidziwa, mizere yake inkapita kumene ikufuna. Pa tsikulo anaimba bwino zedi, nsapato zili ng'aning'ani, koma maso anali pakhomo nyimbo yonse. Pobwera anavula nsapatozo panjira n'kuyenda chapansi. Kulira kunabwera pa chakudya, pamene achimwene anu anaiwala n'kuika mbale yanu patebulo.

Amayi a kumpingo anasungadi malo aja. Ndinakhalapo ine kuti pasaoneke mpata, koma thupi langali silibisa kuti si inu.

Tsopano alamu, tilankhule ngati akazi. Inu mwatani kodi? Kapepala kokha! Mukuganiza kuti onse amene timadzaza mabenchi aja timamva ulaliki? Theka timakhala tikuganiza ngati tazimitsa mbaula. Achimwene anu amagona maso ali otsegula, luso limene analiphunzira ali mwana. Mukanangopereka kalatayo, n'kubwera, n'kuyasamula nafe limodzi, ndani akanafa? Chilungamo chanucho mwana sangachivale kumutu.

Musakwiye, ndimakukondani. Mundiuze mmene munadyera Khirisimasi yanu ya nthunzi. Ndipo ngati hotela ina yataya matawulo akale, musaiwale kuti muli ndi mlamu.

Ndine mlamu wanu


12 Januwale

Alamu,

Zikomo pomuluka Timba, ngakhale mizere inasochera. Zija munalemba za nsapato kuyenda nazo m'manja ndinaziwerengera m'chimbudzi cha kuntchito kuti anthu asandione nkhope. Simunalakwe kundiuza. Masiku ena inenso ndimadzifunsa ngati sindine chitsiru.

Mwafunsa za Khirisimasi yanga. Ndinkaganiza kuti ndikhala ndekha, koma tinalipo angapo. Panali a Boyila, bambo wachikulire amene amayang'anira ng'anjo yotenthetsa madzi. Alamu, munthu ameneyo amapemphera asanatsegule mpopi uliwonse. Koma mpingo wawo ndi wa anthu ochepa, amasonkhana m'galaja ya munthu, alibe pepala losindikizidwa dzina la mpingo ngakhale chidindo. Anabweretsa kalata yolemba pamanja, a Kapitawo n'kuwabwezera kuti imeneyi angalembe aliyense. Panalinso mtsikana wina amene kumpingo kwawo anamuimika chifukwa cha nkhani za ukwati, ndi mayi wina wongosamukira kumene amene abusa atsopano sakumudziwa. Tsiku lonse a Boyila ankaimba nyimbo za Khirisimasi motsitsa, misozi ikusakanikirana ndi thukuta, ine wosapemphera ndikuwathandiza mawu pamene aiwala, poti nyimbozo ndinakula nazo. Nsalu zapatebulo zinkabwera milumilu, zothimbirira vinyo ndi mafuta. Tinasita mpaka mapewa anachita dzanzi.

Pamene ife tikutero, Dalaivala wa galimoto yathu, amene pakhomo pa tchalitchi amadutsa pokhapokha akamathawa mvula, ali ndi makalata atatu. Kuseri kwa msika kuli munthu wosema zidindo. Tsopano Dalaivala Lachisanu ndi Msilamu, Loweruka ndi wa Sabata, Lamlungu ndi wa kwaya. Sabata yatha hotela ina inaimba foni kuti alendo akupukutira makatani poti matawulo sanawafikitse.

Ndinapita kwa a Kapitawo. Kunena zoona si munthu wankhanza, ndi munthu wokonda mizere yowongoka. Anandiuza kuti, "Mayi, aliyense amafuna kupuma tsiku lomwelo, nsalu sizidzichapa. Ndiyenera kusankha, ndiye ndasankha amene sataya kanthu. Ngati mukufuna, ndikupatsani Lachiwiri lina." Ndinati Lachiwiri mwana wanga amakhala kusukulu. Anati zimenezo si za kampani. Ndinati ndiye ndikufuna kuonana ndi mayi eni kampani. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ndikukonzerani. Koma akakagwirizana ndi ine, inu ndi ine sitingagwirenso ntchito denga limodzi."

Ndavomera. Musawauze Bambo zimenezi.

Matawulo ndapeza awiri, limodzi lili ndi dzina la hotela, muzilipinda mkati.

Mlamu wanu


3 Febuluwale

Mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Mlamu wako sanandiuze kanthu, monga unamupempha. Anangowerenga kalata yako mokweza kukhitchini, chitseko chili chotsegula, ine ndili pakhonde.

Sindinasinthe maganizo pa iwe, ndipo zimene unandichita pamaso pa abusa sizinapole. Koma nkhani ya bambo wa ng'anjo uja yandisowetsa mtendere. Munthu wopemphera kumubweza chifukwa cha chidindo! Ndatsegula kabati ndayang'ana changa. Ndi kamtengo ndi mphira. Ndipo uja wa makalata atatu, ngati ungathe umuuze kuti pali mkulu wina amene akufuna kucheza naye.

Komabe funso langa sunaliyankhe, ndipo eni kampani adzakufunsa lomwelo. A Boyila ali ndi chifukwa, akufuna kukagwada. Iwe ukufuna kukatani? Tsikulo lili ndi Mwini wake. Ukamukana Mwiniyo, tsiku lake ukulifuniranji? Undiyankhe ngati munthu wamkulu, osati ndi mkwiyo. Ngati sungandikhutiritse ine amene ndinakubala, mayi amene amakudziwa ndi nambala ya simbi sudzawakhutiritsa.

Undiuzenso tsiku la mlanduwo.

Bambo ako


17 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Nditaona kalembedwe kanu pa envulopu ndinakhala pansi pa masitepe a positi. Zikomo. Alamu muwauze kuti ndidzabwezera.

Funso lanu ndayenda nalo masiku onsewa, ndikusita ndikuliyankha. Tsikulo kwa inu lili ndi Mwini wake, sindikukutsutsani. Koma boma litalitenga n'kunena kuti masukulu atseke, maofesi atseke, mabasi awonjezere maulendo, linalisandutsa tsiku limene mabanja onse amapezana. Limenelo ndi limene ndikufuna. Sindikufuna kukagwada, ndikufuna kudzakhala pakhonde panu mwana wanga ali pakati pa miyendo yanga ndikumuluka. Pa Idi achimwene amapuma, ndipo sindinamvepo mukuwauza kuti abwerere kuntchito poti si Msilamu. Amagona mpaka masana, inu n'kumati mwanayu watopa.

Chinanso, Bambo. Munthu akayamba kufunsa za mumtima mwa mnzake asanamupatse mpumulo, saimira pa ine. Wayamba ndi ine, wafika kwa a Boyila. Mawa adzafunsa kuti mwa Akhirisitu ndani amakhulupirira kwambiri.

Kuntchito anthu akundizemba pang'ono, akuopa kuoneka nane. Amene amandipatsabe moni mokweza ndi Anti a Sitachi, mayi wachisilamu amene amalimbitsa makolala a mayunifolomu. Iwo kalata ali nayo yeniyeni, palibe chimene akusowa, koma tsiku lililonse amandigawira tiyi wa m'fulasiki yawo pamaso pa a Kapitawo.

Tikaonana ndi eni kampani pa 10 Malichi m'mawa. Zikakanika ndidzabwera ndi katundu wanga yense, mundikonzeretu pogona. Mantha ndili nawo, sindikubisirani.

Ndine mwana wanu


11 Malichi

Kwa iwe mwana wanga wamwamuna, ndi inu apongozi,

Moni nonse, ndi Timba. Ndafika bwino, ndipo ndikulemba ndili m'kachipinda ka mlongo wako, pa tebulo limene ndi kabati yomwe, ndi poikapo mbaula pomwe. Apongozi, munkanena kuti ndikupita kukagwada kwa a Kapitawo. Ayi. Ndinabwera kudzamuthandiza kunyamula katundu, chifukwa ndinali wotsimikiza kuti amuchotsa. Kakalata kamene ndinamulembera komuuza kuti ndikubwera sikanafike mpaka lero, choncho iye sankadziwa kanthu.

Basi inachedwa, ndinafika pakampanipo msonkhano utayamba. Mlonda anandimvera chisoni chifukwa cha bondo, anandilowetsa pakhomo lolowetsera katundu n'kundikhazika pa mtolo wa nsalu zakuda, kuseri kwa makina. Malo amenewo simungawamvetse osawaona. Kutentha kwake ngati wakuphimba ndi bulangeti lonyowa, pansi pali madzi, mapaipi akudontha, fungo la sopo likulowa mpaka m'mano. Simbi yake ndinaiona, ili pakona, yaikulu ngati chitseko, chogwirira chake chinachita kunyezimira ndi dzanja lake. Zaka zonsezi nsapato za Timba zimachokera pamenepo.

Makina anawazimitsa. Eni kampani ndi mayi wokalamba, wamfupi, woyendera ndodo, ndipo anakana ofesi n'kunena kuti nkhani ya anthu onse ikambidwe pa anthu onse. Anakhala pa mpando pafupi ndi tebulo lopindira nsalu. A Kapitawo analankhula koyamba, ndipo ndinene zoona, analankhula bwino. Anati ntchito siima, wina ayenera kutsala, ndipo n'chifundo kusiya wopemphera akapemphere. Ine pa mtolo paja ndinagwedeza mutu kuvomereza.

Kenaka mayi aja anati, "Mwini dandaulo ali kuti?" Mlongo wako anatuluka pamzere. Manja anawaika m'thumba la epuloni. Anati:

"Mayi, sindikupempha kuti ndikapemphere. Ndikatero ndikunamizani. Ndili ndi mwana amene amakhala ndi bambo anga, ulendo wa tsiku lathunthu. Tsiku limene iye sapita kusukulu, achimwene sapita kuntchito, tonse n'kukhala patebulo limodzi, ndi lomwelo limene anzangawa amapita kukapemphera. Lina kulibe. Kugwira pa tchuthi sindikana, ndagwirapo ndipo ndidzagwiranso. Anti akandipempha kuti ndiwagwirire pa Idi, ndidzabwera ndikuimba. Koma ndigwire chifukwa ndi nthawi yanga, kapena chifukwa mnzanga wandipempha. Ndisagwire chifukwa bwana wasuzumira mumtima mwanga n'kupeza kuti mulibe chimene amafuna. Munatilemba ntchito manja, mayi. Mitima tisiyireni, aliyense apite nawo kwawo."

Atatha panali zii, madzi okha akudontha. Ndiye apongozi, pakamwa pangapa panachita zimene panazolowera. Munthu akalankhula zoona n'kukhala chete, ine ndimadziwa mawu amodzi okha. Ndinangomva ndanena, mokweza ngati ndili kutsogolo kwa mpingo: "Ameni!"

Anthu onse anatembenuka. Mlongo wako anatsegula pakamwa osatseka. Mayi aja analoza ndi ndodo n'kufunsa kuti, "Akuluwo ndani, abwera ndi nsalu za hotela iti?" Iye anati, "Ndi bambo anga, mayi. Ndi mlembi wa mpingo." Nyumba yonse inaphulika ndi kuseka. Ine ndinavula chipewa, poti china chochita panalibe.

Kuseka kusanathe, Anti a Sitachi aja anatuluka, anasolola kalata yawo, n'kuiponya m'dengu la nsalu zakuda. Anati, "Ine ndapemphera moyo wanga wonse popanda chilolezo cha kapitawo. Ngati kupuma kwanga n'kolanda mwana wa mnzanga mayi ake, kalatayi ichapidwe." Anatsatira mayi wina wa mtanda pakhosi, kenaka wina, kenaka mzere wonse. A Boyila, poti kalata alibe, anaponyamo chipewa. Dalaivala anayesa kubisala kuseri kwa mnzake, koma eni kampani anamuitana: "Iwe, ndamva kuti uli ndi atatu. Kwenikweni ndiwe wa mpingo uti?" Iye anakanda m'mutu nati, "Zimatengera tsiku, mayi." Ngakhale a Kapitawo analephera kudzigwira.

Mayi aja anagogoda ndodo pansi. Anati iwo anayamba ntchito imeneyi ndi simbi imodzi ya makala, ndipo palibe kasitomala anawafunsapo kumene amapemphera. Kuyambira tsopano tchuthi ndi cha aliyense, anthu azisinthana monga kale, ofuna kugwirirana azigwirizana okha, ndipo za makalata zithere m'dengu momwemo. Onse amene anagwira pa Khirisimasi, Pasaka ndi wawo. Kwa a Kapitawo anati, "Inu mumakonda mizere, lembani mzere wa kusinthanaku, uwongoke." Za kuchotsana ntchito anati asazimvenso. A Kapitawo anapita kwa mlongo wako n'kumupatsa dzanja. Linali louma, koma linali dzanja.

Pamenepo amayi anzake a pantchito anamunyamula, apongozi, kumunyamula ndithu, mwana wanga wamakani miyendo ili m'mwamba, akukuwa kuti amutsitse. A Boyila anayambitsa nyimbo yothokoza, Anti akuwomba m'manja, iye ali pamwamba akuseka ndi kulira. Atamutsitsa anabwera kwa ine, nkhope yonse yonyowa, n'kunena kuti, "Bambo, mwakhalira nsalu za hotela yodula." Ndinadzuka pa mtolopo msangamsanga.

Ndibwera Lachisanu, wopanda katundu. Timba mumuuze kuti pa Pasaka amayi ake akubwera. Ulendo uno ndamva ndi makutu anga.

Ndine bambo wanu


19 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Ndikhulupirira unafika bwino ndipo basi sinakuvute. Kuno nyumba yakula mwadzidzidzi. Timba akukana kumasula tsitsi, akuti likhale mpaka udzabwerenso, ndipo mlamu wako akuti likayamba kununkha adzalimasula ali mtulo.

Ndamva kuti pa Idi ugwirira Anti a Sitachi. Wachita bwino. Uwapatse moni, ndi a Boyila omwe. Uwauze a Boyila kuti adiresi ya galaja yawo ndasunga, ndikadzabweranso ndidzapita kukapemphera nawo.

Usaganize kuti wapambana zonse. Mlandu wa kuntchito wapambana, ndipo ndanyadira mpaka anthu atopa nane. Wathu uja ukadalipo. Ndimakutchula dzina m'mawa uliwonse ndipo sindisiya, ndipo ukadzabwera tidzakanganabe pakhonde mpaka tiyi azizire. Abusa anamva za Ameni uja, sindikudziwa anawauza ndani, ngakhale ndikumukayikira wina wake wa m'khitchini muno. Anandifunsa ngati n'zoona kuti ndinavomereza ulaliki wa munthu wosapemphera. Ndinati sunali ulaliki, koma ndamvapo maulaliki ambiri osafika pamenepo. Sanaseke.

Lamlungu la Pasaka lija, pamene unatiperekeza mpaka pageti la tchalitchi n'kubwerera, mtima unandipweteka, sindinama. Koma potuluka, titangokhota pakona, ndinaona mawindo onse a nyumba ali otsegula, makatani akuuluka, iwe uli pakhonde ukuyala tebulo, ukukangana ndi achimwene ako za mipando. Timba anandisiya dzanja n'kuthamanga. Ine ndinaima kaye pamsewu, ndinanamizira bondo.

Amayi a kumpingo akhala akundiimitsa panjira. Anakuona pageti paja, ndiye aliyense akufunsa motsitsa mawu kuti, "Alembi, kodi mwana wanu uja wabwerera?" Ine ndikuwayankha kuti, "Zobwerera sindikudziwa, amayi. Koma wabwera, ndipo adzabweranso."

Ndine bambo ako